Makutu a Amalume Yotamu

Mwezi uno chakwana chaka chiwaikireni m'manda amalume anga, a Yotamu Banda, m'mudzi mwathu kufupi ndi Sinda. Pamaliro pawo anthu analankhula zabwino monga zimakhalira. Anati anali munthu wofatsa, wodekha, wosafulumira kuyankha. Ine ndinakhala pakati pa azimayi ndikumvetsera, ndipo ndinaona kuti aliyense akunena zoona koma palibe amene akudziwa kumene kufatsako kunachokera. Sanabadwe nako. Chinali chilango chimene anadzipatsa okha, ndipo ife apabanja tinachilawa nawo limodzi kwa zaka zoposa khumi.

Kucheza nawo inali ntchito. Ukamaliza kulankhula, iwo ankangokuyang'ana pakamwa, kudikira ngati pali china chatsalira. Unkatha kumeza malovu kawiri asanayankhe. Alendo ankaganiza kuti ndi ogontha ndipo ankayamba kukuwa, chonsecho makutu awo ankamva nkhuku ikupalasa kuseri kwa nkhokwe. Akakutuma, sunkanyamuka usanabwereze uthenga wonse, liwu ndi liwu. Ukangoti wamva iwo asanatseke pakamwa, ankayambiranso pachiyambi, mosakweza mawu.

Analinso ndi khalidwe lina limene linkatikwiyitsa kwambiri. Pakati pa nkhani wamba ankaponyamo liwu losayenera kukhalapo. Tsiku lina ndikupita ku Katete kukagula mbewu ya mtedza, anandiuza kuti ndikawagulire machesi, mchere wa paketi ndi ng'ona yaing'ono. Ndinavomera ndi mutu, maganizo ali pa basi. Anandisiya ndifike pafupi ndi msewu, kenako anandiitana kuti ndibwerere, n'kundifunsa kuti ng'onayo ndikaiika m'chiyani. Basi inandisiya. Ndinali mayi wa ana atatu panthawiyo, koma ndinaima pakhonde pawo ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Iwo sanaseke. Anati ankandiyang'ana nsidze. Munthu amene akumvetsera, liwu lachilendo likamugunda, nkhope yake imagwedezeka pang'ono ngati wapunthwa pa kamwala. Yanga sinagwedezeke, choncho sindinali kumva iwo ayi, ndinali kumva zimene ndinali nditakonza kale m'mutu mwanga.

Amene ankakangana nawo kwambiri anali amayi anga, mlongo wawo. Amayi ndi munthu wa pakamwa pofulumira, amakumalizira chiganizo iwe usanachifike pakati. Amalume akayamba kunena za mvula kapena za mbuzi, amayi ankalumphira kutsogolo n'kuwamalizira, ndipo kawirikawiri ankalondola. Amalume ankatseka pakamwa pomwepo, n'kunyamula mpando wawo. Pena pankatha sabata osalankhulana, nyumba zawo zitayang'anizana. Amayi ankati mlongo wawo akufuna anthu azilankhula ngati akuwerenga kalata ya kukhoti. Amalume ankati munthu amene amalondola kasanu ndi kanayi ndiye woopsa, chifukwa pofika kachikhumi sakhalanso akumvetsera.

Anakanganaponso ndi wogulitsa mankhwala a thonje pamsika wa Sinda, chifukwa mnyamatayo ankatchula muyezo wa mankhwala mothamanga, alimi n'kumangogwedeza mitu. Amalume anaimitsa mzere wonse ndi kufunsa mlimi aliyense kuti wamva tizitsekerero tingati. Anthu atatu anapereka mayankho atatu. Kutchalitchi anadandaula kwa akulu ampingo kuti mapemphero oloweza timawathamangitsa ngati ngolo yotsetsereka, moti wina atasinthamo liwu palibe angazindikire. Uthenga wa maliro ukabwera pa foni, ankauza woimbayo kuti atchule kaye dzina lonse la womwalirayo ndi mudzi wake, kenako abwereze, chifukwa munthu amene ali ndi wodwala m'chipatala amamva dzina la wodwala wakeyo ngakhale atchulidwe wina.

Amene anawadziwa ali anyamata ankati uyu ndi munthu wina. Yotamu wa kale anali wotanthauzira wotchuka kuyambira Sinda mpaka Katete. Anakulira pakati pa Chichewa ndi Chinsenga, ndipo Chingerezi anachiphunzira kusukulu n'kuchinola pa ntchito ya ukalaliki pamalo ogulira thonje. Kukabwera mlaliki wochokera ku Lusaka kapena alangizi a zaulimi osadziwa chilankhulo chathu, ankatumiza njinga kukatenga iwo. Luso lawo linali liwiro. Otanthauzira ena ankadikira mlendo amalize, n'kuyamba kufunafuna mawu. Amalume ankayamba mlendo ali pakati, ndipo ankamaliza naye limodzi, pena kumutsogolera kumene. Anthu ankaseka kuti mlaliki angathe kukhala pansi, Yotamu amaliza yekha ulaliki. Iwo ankanyadira zimenezi. Ankati chiganizo chili ngati njira ya kuchitsime, ukaona kumene phazi laloza wadziwa kale kumene munthu akupita.

Tsiku limene liwiro lija linatha ndinalipo. Unali msonkhano waukulu wa mpingo wathu ku Sinda, anthu atadzaza mpaka panja pansi pa mitengo. Mlaliki anali bambo wamtali wochokera ku Lusaka, wolankhula Chingerezi chokha. Zokuzira mawu zinkavuta tsiku limenelo, zinkalira ndi kudukiza. Amalume anaima pambali pake atavala suti yawo yotuwa. Mlalikiyo anayamba kusimba za mwana wake wamwamuna amene anadwala malungo aakulu. Anasimba mmene iye ndi mkazi wake anasalira kudya, mmene anagwadira m'mbali mwa bedi la kuchipatala tsiku loyamba ndi lachiwiri. Amalume ankayenda naye phazi ndi phazi, mawu akukwera. Tonse tinkadziwa kumene nkhani zotere zimathera. Mlaliki atafika pa m'mawa wa tsiku lachitatu anatsitsa mawu, chokuzira mawu chinalira, ndipo amalume anakweza dzanja.

"M'mawa wa tsiku lachitatu, mwana uja anadzuka!"

Tchalitchi chonse chinaphulika. Azimayi tinaimba nthungululu, ng'oma zinalira, ena anayamba kuvina m'mipata ya mabenchi. Inenso ndinaimirira. Koma aphunzitsi ndi anamwino amene anakhala kutsogolo, omva Chingerezi, anangouma pamipando. Mlaliki anagwira gome ndi manja onse awiri, akuyang'ana anthu mazana akuvinira. Iye anali atanena kuti m'mawa wa tsiku lachitatu mwanayo anafera m'manja mwake. Ulaliki wake unali wonena za kukhulupirira Mulungu pamene sanakuyankhe. Panatenga nthawi kuti akulu ampingo atontholetse ng'oma. Mlalikiyo anayesa kupitiriza koma mawu anakana, ndipo anatuluka.

Pambuyo pake, m'kachipinda ka kuseri kumene ine ndi azimayi ena tinkakonzera alendo chakudya, amalume anakana kuti alakwitsa. Sankachita makani a munthu wobisa manyazi. Ankalankhula modabwa, ngati munthu amene akumunamizira. Anati anamva ndi makutu awo mlaliki akunena kuti mwana anadzuka, ndipo anatchula ngakhale liwu la Chingerezi limene analimva. Mphunzitsi wina wamkazi anali atajambula ulalikiwo pa foni. Anaiika patebulo n'kuitsegula. Tonse tinamva mlaliki akutsitsa mawu, kulira kwa chokuzira mawu kukuphimba chiyambi cha liwu lomaliza, ndiyeno mawu a amalume akugwera pamwamba pake. Omva Chingerezi anati ngakhale ndi phokosolo, liwulo likumveka kuti ndi la imfa. Amalume anapempha kuti abwereze. Anabwereza katatu. Kachitatuko anakhala pansi pa simenti ndi suti yawo, miyendo atatambasula ngati mwana.

Ena atatuluka ndinawapatsa madzi. Sanamwe.

"Esinati, ndikanagwira Baibulo n'kulumbira kuti ndinamva zimenezo," anatero. Kenako anati, "Ndipo ndinalumbirapo kale."

Ndinadziwa chimene ankanena, chifukwa nkhani ya pamtsinje aliyense m'banja mwathu ankaidziwa, ngakhale tinkaidziwa mwa mtundu umodzi wokha.

Zaka khumi ndi zinayi m'mbuyo mwake, amalume ankakhala pachikamwini m'mudzi wina kummwera kwa Katete, kwawo kwa akazi awo, aNaphiri. Anali ndi ana aakazi awiri, wamkulu dzina lake Tamala. Chigayo chinali kutsidya kwa mtsinje wopanda mlatho, ndipo ankapitako pa ngolo ya ng'ombe. Nthawi ya dzinja mchenga wa powolokera umasuntha, choncho mlongo wake wa aNaphiri, a Lameki, ankatsogola wapansi ndi ndodo kuyesa pansi. Akawoloka ankakwera pamtunda wa tsidya linalo n'kukuwa mawu amodzimodzi nthawi zonse: "Muwoloke tsopano, alamu!" Anachita zimenezi kwa zaka zambiri, moti ng'ombe zomwe zinkadziwa kuti a Lameki akakuwa ndiye kunyamuka.

Tsiku la ngoziyo amalume, aNaphiri ndi a Lameki ankabwerera kuchokera kuchigayo dzuwa likuswa mtengo. Kwawoko kunalibe mtambo, koma kumapiri kumene mtsinjewo umachokera mvula inali itagwa yambiri. Madzi a powolokera ankafika m'mawondo basi. A Lameki anawoloka, anakwera pamtunda, ndipo ali pamwambapo anaona chimene amene anali pansi sakanatha kuona: kuseri kwa pamene mtsinje unakhota kunkabwera madzi ofiira, atanyamula mitengo. Anakuwa, akukupiza manja. Kunali mphepo, ng'ombe zinkapumira m'mwamba, madzi ankasokosera m'miyala. Amalume anamva kuitana kumene ankakuyembekezera, anaona manja akuwakodola, ndipo anamenya ng'ombe. Madzi anawapeza pakati penipeni. Ngolo inagubuduzika. Amalume anaponyedwa m'bango ndipo anagwira muzu wa mkuyu. Ng'ombe zinafera m'goli. ANaphiri, amene anakhala pamwamba pa matumba a ufa, anawapeza patapita masiku awiri, kutali kumunsi.

Maliro atatha, akuluakulu a mabanja awiri anakhala pansi kuti amve mmene zinayendera. A Lameki anati anakuwa kuti, "Musawoloke tsopano, alamu!" Amalume anati ayi, anamva bwinobwino kuti awoloke, ndipo analumbira pamaso pa onse. Pakati pa mawu awiriwo panali kachidutswa kamodzi kokha, ka "sa", kakang'ono ngati njere ya mapira. Anthu anayenera kusankha woti amukhulupirire. Mbali ina kunali munthu amene makutu ake mpingo wonse unkawadalira. Mbali inayo kunali a Lameki, achibwibwi, okonda kachasu pang'ono, amenenso chaka chomwecho anali atakangana ndi mlongo wawoyo pa nkhani ya dimba. Sipanatenge nthawi. Ena anati anali ataledzera. Ena anati ankafuna dimbalo. Panapezekanso onena za ufiti.

Palibe anawatengera kupolisi. Anthu anangosiya kudya nawo mbale imodzi. Akafika pabwalo nkhani inkatha. Akazi awo anatenga ana n'kubwerera kwawo. Amayi awo owabereka anamwalira osawalankhulanso. Pamapeto pake a Lameki ananyamuka m'mawa wina ndi khasu ndi bulangete, ndipo kunamveka kuti ali cha ku Vubwi, akugwira ganyu. Amalume atasudzulidwa anabwerera kwathu, ana anatsala kwa abale a amayi awo monga mwa mwambo, ndipo anakula akudziwa kuti amayi awo anaphedwa ndi a Lameki. Amalume anapitiriza kutanthauzira, mwaliwiro ngati kale. Tinkawamvera chisoni ngati munthu wolakwiridwa, ndipo iwonso ankadziona choncho.

Patatha sabata chichitikireni za kutchalitchi zija, anandipempha kuti ndiwaperekeze kuchipatala ku Katete kuti akawapime makutu. M'njira monse ankandiuza kuti mwina khutu la kumanzere lili ndi vuto kuyambira kale. Ndinaona kuti ankafunitsitsa kuti lipezeke lowonongeka. Dokotala wake anali wachinyamata koma wodekha. Anawaunika, anawanong'oneza mawu ali kumbuyo kwawo, mbali iyi ndi iyo, ndipo anati makutu awo ndi abwino kuposa a anthu ambiri a msinkhu wawo. Amalume anamusimbira za mlaliki uja. Za mtsinje sanatchule.

Dokotalayo anawafotokozera kuti khutu limangolandira phokoso, koma womva weniweni ndi ubongo, ndipo ubongo sudikira. Munthu akamalankhula, ubongo wa womvera umakhala utakonzeratu liwu limene ukuganiza kuti likubwera, potengera zimene zanenedwa kale ndi zimene unazolowera. Liwu loyembekezeredwa likafika, limalowa mosavuta ngati phazi mu nsapato yakale. Likafika lina, ubongo umadodoma kanthawi kochepa kwambiri n'kuyamba kukonzanso tanthauzo, ndipo anati akatswiri amatha kuona kudodomako akamata timawaya pamutu pa munthu. Anati kuthamangira kutsogoloku si matenda, ndi kumene kumatithandiza kumvana pamsika kapena m'basi, ndipo wotanthauzira waluso amakudalira kwambiri. Koma phokoso likaphimba kachidutswa ka liwu, ubongo umatseka dzenjelo ndi chimene unkayembekezera, ndipo kudodoma kuja sikuchitika n'komwe.

Amalume anafunsa funso limodzi lokha.

"Ndiye munthu angadziwe bwanji kuti ichi ndamvadi, ichi ndadzipangira ndekha?"

Dokotala anati mwa iye yekha sangadziwe, chifukwa zonse ziwiri zimamveka chimodzimodzi m'mutu. Njira ndi kufunsanso, kapena kumva kwa wina amene analipo. Anawafunsa ngati pali china chikuwavuta. Amalume anathokoza, anavala chipewa chawo n'kutuluka. Kuyambira tsiku limenelo sanaimenso pambali pa mlaliki aliyense, ngakhale akulu ampingo anabwera kawiri kudzawanyengerera kuti aliyense amalakwitsa.

Titakolola chaka chimenecho anandiuza kuti akupita ku Vubwi kukafuna a Lameki, ndipo akufuna ndipite nawo. Anati sakudzikhulupiriranso, akufuna makutu achiwiri oti akamve zimene zikanenedwe. Ndinawafunsa kuti akudziwa bwanji kuti a Lameki sanalakwitse okha pokuwa, poti anali achibwibwi. Anandiyankha kuti Lameki anamudziwa zaka zambiri, ndipo munthu amene ankalowa m'madzi ndi ndodo chaka ndi chaka kuti mlongo wake awoloke bwino sangaone chigumula n'kumuitanira momwemo. Anati funso limeneli anayenera kudzifunsa tsiku loyamba lomwe, koma anakhulupirira khutu kuposa munthu.

Tinakwera basi mpaka ku Chipata, kenako lole ya ogula soya. Tinafunsafunsa masiku awiri. Tinawapeza kufupi ndi malire a Mozambique, m'kanyumba ka udzu m'mphepete mwa munda wa fodya wa munthu wina. Anali aang'ono kwa amalume ndi zaka zingapo, koma ankaoneka ngati bambo awo. Mano akutsogolo anali atatha. Anatizindikira tili patali ndipo sanathawe kapena kuimirira. Anapitiriza kusoka thumba limene linali pamiyendo pawo. Titapatsana moni, amalume anavula chipewa n'kugwada m'fumbi.

"Alamu, ndabwera kudzabweza mawu anga. Tsiku lija munati tisawoloke. Ine ndinamva zimene ndinazolowera kumva. Mlandu uja ndi wanga."

A Lameki anasoka kawiri kapena katatu asanayankhe. Anafunsa kuti zimenezi azidziwa bwanji patapita zaka zonsezi. Amalume anasimba za mlaliki, za foni ndi za dokotala, pang'onopang'ono, osadzichepetsera kalikonse. A Lameki anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anayamba kulankhula, chibwibwi chikuwagwira apa ndi apo. Anati zaka zoyambirira ankadziwa chimene ananena. Ankachibwereza ali okha m'munda, kukuwa kumene, kuti amve mmene chinamvekera. Koma mudzi wonse unkanena zina, amayi awo ankanena zina, ndipo makutu a alamu awo anali asanalakwepo. Pang'onopang'ono anayamba kukayika.

"Masiku ano ndikakumbukira tsiku lija, ndimadzimva ndikukuwa kuti muwoloke," anatero. "Ndi mawu anga, ndi pakamwa panga. Alongo anga ndawapepesa zaka zonsezi. Tsopano inu mukuti ndizichita nazo chiyani?"

Amalume anawapempha kuti abwerere nafe, akaime pamaso pa abale onse, iwo akavomereze. A Lameki anapukusa mutu. Anati amene ankafuna kuti amve anali amayi awo, ndipo amayiwo ali m'manda. Ana awo akuitana munthu wina kuti atate. Anatiphikira mbatata, anatipatsa madzi m'chikho, ndipo dzuwa litapendeka anatiperekeza mpaka pamsewu. Potsanzikana anagwira dzanja la amalume mwaulemu ngati la mlendo wodutsa. A Lameki anamwalira patapita madzinja awiri, ndipo uthenga unatipeza atawaika kale.

Amalume anapitabe okha kumudzi kwa akazi awo. Anasonkhanitsa abale n'kunena zonse. Sanawalandire bwino. Ena anati ukalamba wayamba kuwasokoneza mutu. Ena anakwiya, chifukwa ngati a Lameki anali osalakwa ndiye kuti mudzi wonse unali wolakwa, ndipo palibe amene ankafuna kusenza mtolo umenewo. Tamala, amene panthawiyo anali atakwatiwa ndipo ali ndi mwana kumsana, anadikira anthu abalalike. Anakumbutsa atate akewo kuti ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anakumana ndi a Lameki panjira ya kuchitsime, n'kuwalavulira kumaso, ndipo akuluakulu anamuyamikira. Anati imfa ya amayi ake akanatha kuikhululuka, poti madzi ndi madzi, koma malovu ajawo sadzawachotsa pakamwa pake. Kuchokera pamenepo ankangowapatsa moni basi. Mng'ono wake anatsatira mkulu wake.

Ndi munthu ameneyu amene anabwerera kudzakhala moyang'anizana ndi nyumba ya amayi anga, wodikira, wobwerezetsa, woponya mawu achilendo m'nkhani. Ana a m'mudzi ankawaopa, akuluakulu ankawazemba akakhala pachangu. Sindinganame kuti tinkawakonda nthawi zonse. Panali masiku amene ndinkazungulira kuseri kwa khola kuti asandione. Komabe odwala ankawafuna. Munthu akabwera kuchipatala ndi mapepala ndi mawu a dokotala osamveka bwino, ankapita kwa amalume, chifukwa ankadziwa kuti amumvetsera mpaka amalize ndipo samuuza kuti zonse zikhala bwino asanamve chimene chavuta. Akazi amasiye ankakhala pakhonde pawo nthawi yaitali. Sankawalangiza zambiri. Ankangowasiya afike kumapeto kwa zimene abwera nazo, ndipo kawirikawiri mapetowo sankakhala amene munthu akanaganizira.

Sitiroko inawagwira akupalira mtedza, miyezi isanu asanamwalire. Dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafa, ndipo mawu anawathawa. Ankamva zonse, maso awo ankasonyeza, koma akafuna kutchula chinthu pankatuluka mpweya wokha. Chimene chinatsala ndi mawu oloweza. Ukawapatsa moni ankayankha bwinobwino kuti ali bwino, kaya ife, ngakhale akubuula ndi ululu. Azimayi a mpingo akabwera kudzaimba, ankaimba nawo nyimbo yonse osaphonya liwu. Amayi anga anazindikira kuti ukayamba chiganizo chozolowereka n'kuchisiya panjira, iwo ankachimaliza okha, pakamwa pakuthamanga mwini wake asanalole. Alendo ankakondwera nazo, ankati akuchira, ndipo ankawayambitsira mapemphero ndi miyambi kuti awamve akumaliza. Amalume ankamaliza, misozi ikutsikira m'makutu. Ndinachita kuwaletsa anthuwo.

Sabata yomaliza ankayesetsa kundiuza chinthu china. Ankandigwira dzanja ndi dzanja lawo lamoyo, milomo ikugwedera, n'kutulutsa chiyambi cha liwu chimene sindinkachimva bwino. Amayi ankaponya mayina, a Tamala, aNaphiri, madzi, abusa, koma iwo ankatseka maso kukana. Ine ndinaganiza zinthu zingapo zimene akanafuna kunena, ndipo chilichonse chinkaoneka chotheka. Sindinatchule ngakhale chimodzi. Ndinakhala pamphasa n'kudikira, masiku anayi. Liwulo silinatuluke, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti linali lotani.

Tamala anabwera pamaliro m'mawa, anakhala nafe m'nyumba ya siwa, anaponya dothi m'manda, ndipo anakwera basi dzuwa lisanalowe. Amalume agona kuno ku Sinda, aNaphiri kummwera kwa Katete, a Lameki ku Vubwi m'manda a eni munda, opanda chizindikiro.

Nyumba yawo ikadalipo. Ndi ya njerwa zosawotcha, zipinda ziwiri, yofolera ndi udzu. Dzinja lapitali denga la chipinda chogona linabooka ndipo mvula inalowa n'kusungunula khoma la kumbuyo mpaka theka. Chiswe chakwera pa mafelemu a mawindo. Pakhonde pamene pankakhala anthu odzadandaula pamera chisoso ndi bonongwe, ndipo mbuzi za amayi zimagona pamenepo masana. M'kati mwatsala bedi lopanda matiresi, nsapato imodzi ya kumanzere, ndi dikishonale yakale ya Chingerezi imene mbewa zadya kuyambira kumapeto. Amayi akufuna tigwetse nyumbayo tidzalepo mbatata, koma mwini wake woti alamule ndi Tamala. Ndinamuimbira foni mwezi wa Epulo, anati aganize kaye. Ndinaimbanso titakolola, foni inangoitana. Chitseko tinachimanga ndi waya kuti chisamamenyeke ndi mphepo, ndipo wayayo wayamba dzimbiri.